Kadontho Kofiira pa Chithunzi cha Mpunga

Lolemba, 12 Meyi

Magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Laputopu ili pafupi kufa. Mutu nawo waima.

Keti, mlembi wa gulu lathu la alimi a mpunga ku Malengachanzi, wafika kuno ku Boma ndi zithunzi za pokolola zoti ndiike patsamba lathu la pa intaneti. Wabweranso ndi nkhani. Akuti Loweruka pojambula, Fainess, wapampando uja, anakalipira amayi anga pamaso pa gulu lonse ndi mlendo wojambulayo. "Mayi Madina, chokani apo! Simukuyenera kuoneka pano!" Amayi anangosuntha n'kukaima kuseri kwa mtolo wa mpunga.

Simukuyenera kuoneka! Amayi amene anayambitsa gululi pansi pa mtengo wa mango, Fainess akugulitsa zitumbuwa pa depoti. Mpando anaulanda bambo ali gone kuchipatala, amayi akudwazika. Sizinamukwane. Bambo atisiya mu Malichi momwemu, amayi akadali pa eda, miyezi yobindikira ya mkazi wamasiye. Akutuluka mbandakucha kudzera kuseri chifukwa mpunga ukacha sudikira munthu. Ndiye munthu wovutika chotere azikalipiridwa ngati mwana?

Ndalira. Kenako ndaleka. Fainess adziwanso.

Lachiwiri, 13 Meyi

Chithunzi ndachiona. Chotambalala, chokongola, sindikana. Fainess pakatikati, chitenje chatsopano, chikwakwa m'manja ngati amadziwa kochigwirira. Amayi kumapeto kudzanja lamanja, mpango wakuda, theka la thupi kuseri kwa mtolo. Pakompyuta ukhoza kuwayesa chitsa.

Tsambali ukaliponyera chithunzi chimodzi, limabala zitatu: chachikulu cha kompyuta, chapakati cha tabuleti, ndi kabokosi ka foni. Limadula lokha, ndipo limasunga za pakati n'kutaya za m'mbali. Ndayesa pafoni yanga. Fainess yekha, mano onse panja. Amayi mulibe. Ngakhale makina ali mbali yake!

Koma muli kadontho kofiira. Pomwe wakaika, makina sadulapo. Kakhala pamphuno pa Fainess chifukwa palibe wakasuntha. Ndakayang'ana nthawi yaitali.

Bandulo yatha ndisanachite kanthu. Utaka wa ku Chia wakweranso mtengo.

Lachinayi, 15 Meyi

Ndachita.

Ndakoka kadontho kuchoka pamphuno paja mpaka pankhope ya amayi. Chachikulu cha kompyuta sindinachikhudze, chifukwa Fainess amaonera pakompyuta ya ku ofesi, foni yake ndi ya mabatani. Koma ndani m'Nkhotakota muno amatsegula tsamba pakompyuta? Aliyense ndi foni.

Pafoni tsopano amayi aima bwinobwino. Za Fainess zatsala ndi chigongono ndi khutu limodzi m'mphepete. Ndikanatha kuchotseratu, koma ayi. Chigongono chikhale, anthu adziwe kuti mwini wake analipo.

Palinso kachithunzi kena kamene kamatulukira munthu akatumiza linki pa Watsapu. Kameneko ndakadula padera, nkhope ya amayi yokha. Kamera ya mlendo uja ndi yamphamvu, ndakuza nkhopeyo osasweka, mpaka kachipsera ka pachibwano kakuoneka. Ndachepetsa kulemera kwake kuti kazitseguka ngakhale netiweki ya ku Chia. Pansi ndalemba: "Kukolola mpunga wa faya, 10 Meyi chaka chino." Ntchito yaukhondo. Aphunzitsi anga akanaomba m'manja.

Lachisanu, 16 Meyi

Ku ofesi. Fainess wavala magalasi, waweramira pakompyuta, wadziona pakati. "Mwana iwe uli ndi luso. Tumiza kwa anthu onse." Ndayankha kuti chabwino amayi, maso pansi. Mumtima ndikuvina.

Linki ndatumiza ku gulu la alimi, la ogula a ku Lilongwe, la anzanga a kusukulu, la achinyamata a kumzikiti. Paliponse nkhope ya amayi. Simukuyenera kuoneka, eti?

Ndikathana ndi ameneyu, otsatira ndi a Idrisa, bambo aang'ono a ku Dwangwa. Sindinaiwale zomwe ananena maliro asanazizire: "Munda uwu ndi wa kwathu. Mlamu akasunga mwambo, alima. Akapanda kutero, tiona." Munda womwe amayi apindira msana chikwatiwire. Mmodzimmodzi, onse ndiwafika.

Lamulungu, 18 Meyi

Keti waimba foni akuseka mpaka kutsamwa. Akuti potuluka m'tchalitchi anthu amapatsirana foni. Dzina la Fainess lapezeka kale: Mayi Chigongono. Wakabaza wina wafuula pamsika, "Chigongono, tikwezeni!"

Ndadya mpunga mbale ziwiri. Chimwalirire bambo sindinamve kukoma chonchi. Ndaimbira amayi kuti ndiwauze, foni yawo yozima. Ndiwauza pamaso, ndione akumwetulira.

Lolemba, 19 Meyi

Fainess wabwera pakabaza mpaka pakhomo panga. Ndinali nditanola kale lilime. Ndimadikira za chigongono.

Sanazitchule n'komwe. Wakhala pansi pakhonde, akupuma movutikira. Mawu ake akundilirabe m'khutu: "Shamsa, wachita chiyani? Gulu lonse takhala tikubisa kuti amayi ako akubwera kumunda. Ndinawathamangitsa pachithunzi paja kuti akuchimuna asawaone. Nditaona pakompyuta kuti sakuzindikirika, ndinathokoza Mulungu. Iwe wawaika pafoni ya aliyense?"

Ndati bwanji munakalipa? Akuti wojambula anali atakweza kale kamera, nthawi yonyengerera inalipo?

Ndimamudabe. Mpando analandadi. Koma akunena zoona. Eda ndimaidziwa. Mawu a a Idrisa ndinawalemba ndekha m'buku lino Lachisanu. Mkwiyo unanditseka maso, sindinalumikize.

Ndathamangira laputopu. Kadontho ndakabweza pamphuno pa Fainess, zithunzi zonse zabadwanso, kachithunzi ka linki ndakasintha. Tsamba layera. Koma mauthenga omwe anapita kale akadali ndi nkhope ija. Ena anajambula sikirini. Zimenezo kadontho sikafikako.

Lachitatu, 21 Meyi, kumudzi

Zafika ku Dwangwa. Yasini, mwana wa a Idrisa, ali pagulu la achinyamata lija. Ndinamulowetsamo ndine chaka chatha.

A Idrisa aimbira amalume. Akuti mlamu wanyoza malemu, waimirira kujambulitsa pamaso pa amuna eda isanathe, dziko lonse laona. Akubwera mawa ndi akuluakulu a kwawo. A shehe a pano akuti wamasiye akhoza kutuluka masana pa chosowa chenicheni. Koma a Idrisa sakufuna chilamulo, akufuna munda. Chingwe chomangira amayi ndawapotera ndine.

Ndimayembekeza kuti amayi andikalipira. Bola akanatero. Ndawaonetsa foni, ayang'ana nkhope yawo nthawi yaitali, kenako andibwezera. "Ndinabisala bwino, mwana wanga. Iwe ndiwe unandipeza." Basi. Abwerera kukapeta mpunga m'chipinda.



Lachinayi, 22 Meyi

Amayi a gulu afika m'mawa, adzaza khonde. Fainess patsogolo, ana akumunong'oneza dzina lija kuseri kwa mpanda, iye osatembenuka. Wandiitanira pambali. Akuti onse apangana: auza a Idrisa kuti chithunzicho ndi cha chaka chatha, bambo ali moyo. Wandifunsa ngati pali chilichonse chosonyeza tsiku.

Ndamuonetsa mawu a pansi pa chithunzi. Wandiyang'ana, wamva. Wangoti, "Mayo ine."

10 Meyi chaka chino. Zala zanga zomwe.

Mpunga wa amayi theka ukadali m'munda, wosamweta. Mbalame zikudya.

Galimoto yaima pamsewu. Ndikuwaona pawindo. A Idrisa patsogolo, foni m'manja, aitsegula kale. Yasini wanyamula zikhomo zodulira malire a munda ndi chikwanje. Amayi akukonza mpango, akuti ndiwayalire alendo mkeka. Fainess waimirira pakhomo, watambasula manja, zigongono zonse ziwiri pamphuthu, ndipo ine ndilekera pano kulemba, afika.