Phewa la Abambo

Mabopane, Pretoria

Okondedwa Azakhali,

Ndayamba ndi moni. Kodi mukudzuka bwanji ku Lizuluko, nanga mwendo uja ukukulolani kufika kudimba? Ife kuno ku Joni tiliko, kupatula mlongo wanu, Abambo, amene andichititsa kukhala pansi ndi cholembera. Pafoni sindingafotokoze, chifukwa ndikangoti "Azakhali" iwo amatchera khutu.

Mwezi wathawu anagwa pamakwerero akudulira mpanda wa maluwa kwa abwana awo ku Centurion, ndipo pogwapo anatsamira dzanja lamanja. Mukuwadziwa: anadzuka, kusasa fumbi, n'kumaliza ntchito ndi dzanja limodzi. Ife tinadziwa mawa lake Lamulungu, titaona kuti batani la malaya lawakanika.

Achimwene a Vusi anawatengera ku kachipatala kumene akazi awo a Lerato amajambula mafupa ndi makina a ekisire. Tsoka silinunkha, tsikulo wojambula anali Lerato yekha.

Mlamu wangayu anakulira kuno, za chipongozi cha kwathu amangozimva kwa ife. Anawapempha mwaulemu kuti avule jekete ndi malaya. Abambo anatembenukira kukhoma, n'kuuza a Vusi kuti auze mayi a Kayla, ndiye Leratoyo, kuti iwo sanafike povulira mpongozi, ngakhale fupa litatulukira kunja. Atawanyengerera kwambiri anavula jekete lokha, n'kulola chithunzi chimodzi cha kutsogolo, mkono atauphatika pamimba.

Koma phewa salijambula mbali imodzi. Pamafunika chinanso chodzera m'khwapa, ndipo wojambula amagwira chigongono n'kuchotsa mkono kunthiti pang'onopang'ono. Lerato atangotambasula dzanja, Abambo anabwerera m'mbuyo, anathokoza, n'kutuluka. Adokotala anaona chithunzi chimodzicho, sanapeze chothyoka, anawapatsa mapilitsi ndi kansalu kokolekera mkono, n'kuwauza kuti abwerenso chachiwiricho chijambulidwe. Mpaka lero.

Lerato anandifotokozera chimene chikumusowetsa mtendere. Akuti mutu wa fupa la mkono umakhala m'kambale ka paphewa ngati dzira pasupuni. Ukaterereka kupita kumbuyo, woona kutsogolo amayesa uli m'malo mwake. Chithunzi cha m'khwapa kapena cha m'mbali n'chimene chimaulula. Akuti masiku akamapita mnofu umauma, moti chimene madokotala akanabweza ndi manja chidzafuna mpeni, ndipo mpeniwo sulonjeza kanthu.

Azakhali, mkonowo wapindikira mkati. Chikhatho sichikutheka kuyang'ana kumwamba. Munthu amene ankatikalipira tikalandira chinthu ndi dzanja lamanzere, lero akupereka moni ndi lamanzere lomwelo, maso ali pansi. Kutchalitchi asiya kupita. Ine zikundiwawa, ndipo sindibisa, ndakwiya nawo.

Ndinawauza kuti ku Pretoria North kuli wojambula wamwamuna, wachikulire ngati iwo omwe, tipite kumeneko. Ndinkayesa ndathana nazo. Anandiyankha kuti chithunzi cha mpongozi wawo chinati palibe chothyoka, ndiye kukajambulitsa kwa wina n'kulengeza kuti mkazi wa mwana wawo ntchito saidziwa. Akuti iwo sangamuvule ulemu pamaso pa anzake chifukwa cha kaphewa.

Mwaona pamene atifikitsa? Lerato asawagwire, winanso asawagwire. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma mlongo wanuyu wamva m'mimba n'kukhoma chitseko, kiyi m'thumba.

Loweruka Lerato anavala chitenje, anagwada pakhomo la chipinda chawo n'kulankhula kukhoma monga tinamuphunzitsira. Anati, eish, iye alolera kusekedwa ndi chipatala chonse kusiyana n'kuona agogo a mwana wake akupuwala, ndiponso kuti chithunzi chimodzi chija sichinanene kuti ali bwino, chinangonena zimene chinaona. Abambo anandituma kuti ndimuuze kuti ali ndi mtima wabwino, n'chifukwa chake sangamuchititse manyazi. Mlamu wanga analira mpaka ine ndinalira naye.

A Vusi akayesa, amawabweza ndi mawu akuti mwana saphunzitsa bambo ake mwambo. Ine ndiye sandiwerengera n'komwe. Mwatsala ndinu, amene munawabereka kumsana, amene mumawaitana kuti Filipo iwo n'kuyankha kuti wawa.

Chonde, mukangowerenga kalatayi aimbireni. Musawafunse za thanzi, adzati ali bwino. Auzeni chimodzi mwa ziwirizi: kuti mpongozi akagwira chigongono cha wodwala mwambo suthyoka, kapena kuti kupita kwa wojambula wina sikutukwana munthu. Inu mukudziwa chimene chingawalowe. Ngati pali kankhuku koyenera kuperekedwa kuti mtima wawo umasuke, tiuzeni, tigula.

Mundiperekere moni kwa a Pilira ndi ana, komanso kwa a Yobu. Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mawu.

Abambo ndawauza kuti ndikulemba moni chabe. Ndapinda pepalali kuti asaone zolembedwazi, n'kuwapatsa cholembera kuti aike dzina lawo m'munsimu. Ayesa kukweza dzanja kuti lifike patebulo, lakana. Angoti ndikuuzeni kuti ali bwino.

Ndine mwana wanu,
Edna