Ukwati wanga ukudikira bajeti ya boma

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 29, ndimakhala kumudzi kufupi ndi Madisi. Ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, komanso ndimalima mtedza ndi amayi anga. Vuto langa anthu akalimva amaseka, koma ine likundisowetsa mtendere.

Ndili ndi bwenzi la ku Mvera, ndimutchule kuti Gideoni ngakhale si dzina lake lenileni. Tinadziwana pamene ankaphunzira zauphunzitsi, atatumizidwa kudzayeserera ntchito pa sukulu ya kwathu. Atamaliza maphunziro anabwera ndi ankhoswe ake kudzaonekera, n'kusiya chikole. Iye ndi wa CCAP, ine ndine Mkatolika, koma zimenezo sizinavute, ansembe anati adzatiphunzitsa tonse awiri. Malume anga, a Alexio, anawalandira bwino alendowo. Pomaliza anati, "Aphunzitsi, mukangoyamba kulandira ya boma mubwere tidzakonze tsiku. Mbumba yanga singakadye choko." Anthu onse anaseka, Gideoni nayenso anaseka. Tinkaganiza kuti ndi nkhani ya miyezi yochepa.

Chaka chino ndi chachisanu.

Pa zaka zimenezi ndaphunzira zinthu zimene sindinkazifuna n'komwe. Kale wailesi ikati nduna ya zachuma ikuwerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo, ndinkasintha siteshoni kusaka nyimbo. Lero ndimadziwa mwezi umene imawerengedwa, ndimadziwanso kuti pakati pa chaka amaiunikanso n'kudulako zina. Tsiku la bajeti Gideoni ankafika kwathu m'mawa atagula mabatire atsopano, n'kukhala pansi pa chigafa cha fodya cha malume, wailesi ili pakhutu. Ana ankapirikitsidwa. Tambala akalira pafupi ankagendedwa. Ine ndinkakhala pambali ndikusenda mtedza, khutu lili tcheru kudikira kuti nduna itchule aphunzitsi.

Chaka choyamba inawatchuladi. Gideoni anadumpha mpaka anandinyamula pamaso pa amayi, zamanyazi zedi. Amayi anakagula mbuzi ziwiri zoti zidzaphedwe pa ukwati. Mayina a olembedwa ntchito atatuluka, anali a anthu amene anamaliza maphunziro iye asanamalize. Anati, "Ndi mzere, usadandaule. Chaka chamawa ndi ife."

Chaka chachiwiri anati boma likusintha kalendala yake, chaka cha ndalama chiziyamba mu Epulo m'malo mwa Julayi, ndiye bajeti ya ulendo umenewo ndi yaifupi, anthu atsopano sangakwanemo. Chachitatu anati kwacha yagwa. Chachinayi anati ndalama zapita kwa anzathu amene anavutika ndi namondwe kummwera. Kunena zoona sankapeka, zonsezi ndinkazimvanso ndekha pa wailesi. Koma chondidabwitsa n'chakuti chaka chilichonse manambala amene nduna imawerenga amangokulirakulira, mabiliyoni anasanduka matiriliyoni, pamene mlatho wa kwathu ukadali wa mitengo yomwe ija, ndipo pa sukulu yathu ana amadzaza m'kalasi mpaka ena kukhala pakhomo. Ndalama zimenezi zimadutsa msewu uti?

Mbuzi ziwiri zija tsopano zili ndi zidzukulu, khola ladzaza. Atsikana amene ndinkawaphunzitsa nyimbo kukwaya akwatiwa, ena akubereka ana kumbuyo. Pamsika anzanga anandipatsa dzina, amati Mayi Bajeti. Ndikangoyala tomato wina amakuwa kuti, "Mayi Bajeti, bwanji, yadutsa chaka chino?" Ndimaseka nawo, koma ndikafika kunyumba zimandiwawa.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi china. Chaka chatha Gideoni anapeza ganyu yophunzitsa pa kasukulu ka pulayiveti kumapiri a ku Ntchisi. Malipiro ake ndi ochepa, ndipo kwathu amabwera mwa apo ndi apo. Tsiku la bajeti chaka chino ndinagula ndekha mabatire, ndinayala mphasa pansi pa chigafa. Sanabwere. Ndinamvetsera ndekha mpaka nduna inamaliza. Madzulo ndinamuimbira foni, ndinati, "Mwamva zimene yanena nduna?" Iye anati, "Nduna iti?" Ndinati, "Ya zachuma. Lero ndi bajeti." Iye anati, "Aa, ndi lero kodi? Ndinatanganidwa. Yati bwanji?" Ndinamuuza kuti yatchulanso aphunzitsi. Anangoti, "Chabwino, tiona."

Aphungu, munthu amene ankagenda tambala chifukwa cha bajeti angaiwale tsiku lake? 

Patangopita masabata ochepa, mnzanga amene amakapikula mbatatesi ku Ntchisi anandiuza kuti amamuona Gideoni atakwezedwa pa njinga yamoto ya mayi wina dzina lake Luckness, mlangizi wa zaumoyo, wolandira ya boma mwezi ndi mwezi. Mnzangayo sanandibisire, anati, "Mnzako bajeti yake waipeza kale, iwe uzidikira ya pa wailesi." Nditamufunsa mwini wake anati Luckness ndi mlongo wa kutchalitchi, amangomuthandiza chifukwa misewu ya kumapiri ndi yoipa. Anatinso, "Ukuganiza kuti ndingakusiye chifukwa cha njinga? Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ine nkhono imeneyi ndaiyang'ana zaka zisanu, maso sinatulutsebe.

Tsopano malume atopa. Akuti akangogulitsa fodya wawo abweza chikole ku Mvera, ndipo mbuzi zigulitsidwe tigule feteleza. Andipatsa mpaka nthawi imeneyo kuti ndinene mawu amodzi. Gideoni ndimamukonda, sindinayang'anepo mwamuna wina. Koma sindikudziwanso amene akundipusitsa, boma kapena iyeyo. Ndidikirenso bajeti ina, kapena ndiwalole malume abweze chikole?

E.K., Madisi, Dowa

Achemwali E.K.,

Pepani ndi dzina limene akupatsani pamsika. Simuli opusa ayi, ndipo kukayikira kwanu kuli ndi mutu.

Tiyambe ndi boma. Ndinagwirapo ntchito mu ofesi ya boma ndisanayambe kulemba tsamba lino, ndiye ndikuuzeni mosabisa. Bajeti imalembedwa potengera ndalama zimene boma likuyembekeza kutolera, zambiri zimakhala zisanalowe m'thumba. Zili ngati malume anu kugawa ndalama za fodya, fodyayo akadali ku nazale. Misonkho ikaperewera, kapena ngongole zikafika pobwezedwa, choyamba kudulidwa ndi chimene sichinayambe: mlatho umene sunakumbidwe maziko, mphunzitsi amene sanalembedwe. Amene ali kale pa ntchito akachedwetsedwa malipiro amachita phokoso, pamene amene ali pa mzere kulira kwawo sikumveka patali. Manambala akukuladi chaka ndi chaka, koma mbali ina n'chifukwa choti kwacha yachepa mphamvu, inunso mukudziwa mtengo wa thumba la feteleza lero ndi mmene unalili Gideoni akubwera kudzaonekera. Mbali inayo, ya msewu umene ndalama zimadutsa, funso lanu ndi labwino, ndipo muli ndi ufulu wowafunsa akhansala a kwanu za mlatho uja pa msonkhano uliwonse.

Choncho pa zifukwa zimene Gideoni wakhala akupereka, sanakunamizeni. Koma mwamuna akhoza kubisala kuseri kwa zinthu zoona, ndipo amabisala bwino kwambiri kumeneko chifukwa palibe angamutsutse.

Tsiku limene anaiwala bajeti inenso landidabwitsa. Mwina wataya mtima pa ntchito ya boma, watopa kudumpha pamaso pa apongozi n'kubwerera chimanjamanja, ndiye akuthawa chigafa chija chifukwa cha manyazi. Mwinanso wataya mtima pa inu. Ndili kuno sindingadziwe, ndipo inunso simudziwa pomufunsa za njinga, chifukwa yankho la mlongo wa kutchalitchi alipereka kale ndipo adzalibwereza.

Koma tawerenganinso kalata yanu. Amene anamangirira ukwati wanu ku bajeti ndani? Nduna sikudziwani. Gideoni anabwera ndi ankhoswe ndi chikole ali wokonzeka. Chingwe anamanga ndi malume anu, ndi mawu a choko aja. Anthu anaseka, iyenso anaseka, koma mwamuna wosekedwa pamaso pa ankhoswe ake saiwala msanga. Kuyambira tsiku limenelo sangabwere kudzatchula tsiku alibe kalata ya boma m'manja. Lero malume omwewo akufuna kubweza chikole chifukwa mnyamata wachedwa kukwaniritsa lamulo limene kukwaniritsa kwake kuli m'manja mwa anthu a ku Lilongwe. Chingwe chinamangidwa kwanu, kachimasuleni kwanu.

Musanapite kwa malume, dzifunseni nokha funso lowawa. Kodi mukufuna Gideoni, kapena mukufuna mphunzitsi wa boma? Ngati mumtima mwanu inunso mumagwirizana ndi mawu a choko aja, nenani poyera, mnyamatayo amasuke. Ngati mwalola kukwatiwa ndi munthu wa ganyu, n'kumaphatikiza malipiro ake ochepawo ndi tomato wanu ndi mtedza wanu, tengani amayi anu mupite nawo kwa a Alexio fodya asanapite kumsika. Mukawauze mwaulemu kuti mwasankha, ndipo mukupempha kuti mawu aja awachotse. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, achemwali, ndipo inu mwakhala kuunako nthawi yokwanira.

Malume akavomera, uthenga usadutse pa foni yanu. Upite ku Mvera kudzera kwa ankhoswe, kuti mawu amene ananenedwa pagulu achotsedwenso pagulu. Ankhoswe a mbali zonse akhale pansi, Gideoni alipo, ndipo patchulidwe tsiku la chaka chomwe chino, loti mukhoza kukalembetsa ku parishi. Ukwati ukhale waung'ono. Mbuzi muli nazo kale zochuluka, ndipo ansembe sadzafunsa kuti mkwati amalandira kuti.

Mukatero, khalani chete muone. Munthu amene anangomangidwa ndi manyazi nkhope yake idzamasuka pomwepo, mudzamva wayamba kufunsa kobwereka suti. Amene mtima wake unasamukira ku Ntchisi adzapeza bajeti ina. Adzati tidikire ndiumbe njerwa, tidikire mvula ithe, tidikire mayina atuluke kaye kamodzi kokha. Akatero musakangane naye, musamugwadire. Aloleni malume abweze chikole. Mudzalira ndithu, sindikunamizani, koma zaka 29 si ukalamba.

Za Luckness, musakwere minibasi kukamutukwana mayi wa eni. Umboni umene muli nawo ndi njinga ndi pakamwa pa mnzanu, ndipo kumapiri kuja anthu amakwezanadi. Muuzeni Gideoni kuti mukufuna kukaona kumene amagwira ntchito, masana dzuwa likuswa mtengo, akakuonetseni kwa akulu a sukuluyo ndi kwa Luckness yemweyo kuti uyu ndiye ndinamutomera. Mlongo wa kutchalitchi sabisidwa. Akayamba kuzemba ulendo umenewu, mwapeza theka la yankho. Ndipo tsiku likatchulidwa, mukayezetse magazi limodzi musanalowe m'nyumba.

Ntchito ya boma asaitaye. Azipitabe ku ofesi ya zamaphunziro kukafunsa za dzina lake. Ikadzabwera, idzakupezeni muli kale pabanja.

Chenjezo langa ndi ili. Musatenge mimba poganiza kuti mumufulumizitsa, mudzangowonjezera wodikira wachiwiri. Ndipo musavomere mawu akuti tione kaye zimene anene pounikanso bajeti pakati pa chaka. Boma likalephera chaka chino limawerenga ina chaka chamawa, ilo silikalamba. Zaka zanu zisanu palibe nduna imene idzakubwezereni. Mabatire munagula aja ikani mu tochi. Mawu amene mukufunika kumva chaka chino atuluke pakamwa pa Gideoni, ankhoswe akumva.

Aphungu