Kromosomu Yopanda Msana

Lolemba, 4 Malichi

Mu labu tsiku lonse. Singano ziwiri zagalasi, zowonda kuposa tsitsi, ina kugwira kromosomu, kamtolo ka DNA kosunga chibadwa, mbali ino, ina mbali inayo, ine diso pa maikulosikopu n'kumakoka pang'onopang'ono. Yatanuka mpaka kutalika kwake kasanu. Nditaimasula, yabwerera mwakale ngati mphira wa legeni. Zaka zonsezi, koma mtima umagundabe ndikamaona zimenezi.

Jekete la Apulofesa likadali pampando wawo. Palibe wolimba mtima kulichotsa chigonekereni iwo m'chipatala.

Lachitatu, 6 Malichi

Kuchipatala. Atha thupi, mawu okha ndiwo sanadwale. Moni wachidule, basi za ntchito. Moyo wawo wonse aphunzitsa kuti m'kati mwa kromosomu muli msana wa mapuloteni, ndipo kromatini, ulusi wa DNA wokulungika uja, wangokolowekedwa pamenepo. Akuti ndiikoke kromosomuyo, ili chikokereni ndithire mankhwala odula DNA. Ngati msana ulipo, siiduka.

"Ukandipezere msana wanga ndisanapite, mwanawe." Anaseka. Mayi, akazi awo, sanaseke nawo.

Lachisanu, 8 Malichi

Ndathira mankhwala. Kromosomu yayamba kufewa, singano yoyezera mphamvu imene inapindika pokoka n'kumawongoka, kenaka yaduka pakati. Pakati pa singano ziwirizo madzi okhaokha.

Ndinanamizira mankhwala. Botolo latsopano, yadukanso. Ndinanamizira manja anga. Yadukanso.

Chakudya chabwerera m'chikwama mmene chinapitira.

Lachiwiri, 12 Malichi

Kubwereza, kubwereza. Zonse chimodzimodzi. Msana kulibe. Chimene chimaigwira n'kuipatsa mphamvu yotanuka ndi ulusi womwewo, womangana apa ndi apo ngati ukonde. Ukadula ulusi, zonse zatha.

Zokongola ndithu, ndipo kukongolako kukundipsetsa mtima. Bwanji ine? Munthu amene anandigwira dzanja ndikungothyola singano ngati mwana, osandikalipira ngakhale kamodzi. Lero ndine wokamugwetsera nyumba ali pamphasa.

Lachinayi, 14 Malichi

Mayi anandiimitsa pakhomo la wodi. Nkhope yanga inandiulula. "Ngati si zabwino, mwanangu, unene kuti sunamalize. Uwasiye apite mtima uli m'malo." Ndinavomera. Ndikanati chiyani kwa munthu amene akugonera pampando?

Ndalowa, ndanama kuti makina avuta. Apulofesa anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutembenukira kukhoma. Makina amenewo amawadziwa kuposa ana awo obereka. Manyazi mpaka kunyumba.

Loweruka, 16 Malichi

Ndinapita ndi kanema wa kromosomu ikuduka pafoni. Mayi atatuluka kukatsuka mbale, ndinawavalika Apulofesa magalasi n'kuwagwirira foniyo pafupi. Anaonera. Anati ndibwereze. Anafunsa ngati mankhwalawo sanadyeko mapuloteni, ndinati ndayesa, sanadye. Anafunsa ngati singano sinaterereke, ndinati ayi. Mafunso onse amene ndinadzifunsa ndekha, mwadongosolo lake.

Kenaka misozi yawo kutsikira m'khutu, ine osadziwa ngati ndiipukute.

"Ndiye ukudikira chiyani? Kalembe. Dzina langa uliike pambuyo pa lako."

Mayi analowa, anaona foni m'manja mwanga, anaona nkhope ya amuna awo. Anangoika mbale patebulo.

Lachitatu, 20 Malichi

Apulofesa anatisiya Lamulungu m'mawa. Tawaika dzulo. Nditapereka dzanja kwa Mayi, analilandira maso ali kwina. Sindiwaimba mlandu. Iwo anapempha chinthu chimodzi chokha, ine ndinawamana. Ngati misozi ija inali yachisoni kapena ayi, wondiuza palibenso.

Lero ndayamba kulemba lipoti la zimene ndapeza, maina athu awiri pamwamba monga ananenera Apulofesa. Chiganizo choyamba chikunena kuti Apulofesa analakwitsa. Ndachifufuta, ndachilembanso mofewetsa, koma chikunenabe zomwezo. Ndachisiya momwemo.