Kupopa Chifuwa ku Matanuca

KOMITI YA OLASA NSOMBA PANSI PA NYANJA, MUDZI WA MATANUCA, KADAVU
Zokambirana za msonkhano wadzidzidzi

Tsiku: Lachisanu, 14 Malichi 2025
Malo: Holo ya mudzi
Nthawi yoyambira: 10 koloko m'mawa

Opezekapo: Bambo Apenisa Naulu (Wapampando), Mayi Mereoni Tawake (Mlembi), Bambo Sakiusa Tawake (mwini boti), Bambo Vilimoni Drauna, Mayi Unaisi Bale, ndi Mayi Litiana Seru (namwino, woitanidwa).
Osapezekapo: Bambo Isireli Koto (ali kumunda wa kava, mbewu yopangira chakumwa, sanatumize mawu, monga mwa masiku onse).

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula ndi pemphero lalifupi kwambiri. Anati msonkhano usatalike chifukwa madzi akuphwa, ndipo ikakwana 11 koloko boti silidutsa pakhomo la matanthwe kukalasa nsomba za ukwati wa mawa. Zokambirana za msonkhano wapita sizinawerengedwe. Amuna onse anakhala moyang'ana kuzenera.

2. Ngozi ya Lachiwiri
Mlembi anafotokoza kuti Lachiwiri Bambo Sakiusa, amene ndi amuna ake, anakomoka akukwera kuchokera pansi, kutatsala mikono iwiri kuti atulukire pamwamba. Bambo Vilimoni, mlongo wa mlembi, ndiwo anawakoka ndi tsitsi, milomo itada bii. Mlembi anapempha kuti komiti iletse lero lomwe, boti lisananyamuke, chizolowezi cha kupopa, kutanthauza kupuma mofulumira ndi mwamphamvu kamakumi atatu munthu asanalowe pansi.

Bambo Sakiusa anati: "Ine sindinakomoke ayi. Ndinali bwinobwino, ndangozindikira Vilimoni akundiwomba mbama m'boti."

Bambo Vilimoni anati: "Mbama ija ndinakusungirani kalekale, alamu, mpata unangopezeka." Anthu anaseka. Mlembi sanaseke.

Wapampando anati kupopa anaphunzira kwa bambo awo, iwonso aphunzitsa mudzi wonse zaka makumi anayi. Anawonjezera kuti: "Mwana wa mlongo wanga, iwe uzilemba. Za pansi pa nyanja utisiyire ife." Mlembi anayankha kuti: "Ndikulemba, amalume. Koma wamasiye ndikhala ine, osati inu." Wapampando analamula kuti mawu amenewa asalembedwe.

3. Malongosoledwe a namwino
Namwino anati mapapo amapatsa magazi mpweya wabwino n'kutulutsa woipa umene thupi lapanga. Anati chimene chimafinya munthu pachifuwa kuti akwere akapume si kutha kwa mpweya wabwino ayi, koma kuchuluka kwa woipawo. Kupopa sikuwonjezera wabwino, poti magazi amakhala atadzaza kale. Kumangotaya woipa, ndiye kufinya kuja, komwe ndi mlonda wodzutsa munthu, kumagona. Munthu amamva bwino mpaka ubongo kuzima, wosachenjezedwa.

Namwino ali mkati molankhula, Bambo Sakiusa anati akukathira mafuta m'boti, natuluka. Mlembi anawapempha kuti akhale. Anati abwera pompano.

4. Kuyesa kwa Wapampando
Wapampando anati mapapo a m'buku ndi ena, a ku Matanuca ndi ena, ndipo atisonyeza. Anauza namwino awaveke pachala kachida kake koyezera mpweya m'magazi. Namwino anakana kawiri, kenako anavomera pokhapokha akhale pamphasa ndipo asiye akawauza. Kachidako kanawerenga 98. Wapampando anapopa kamakumi atatu natseka pakamwa n'kusiya kupuma, Mayi Unaisi atagwira wotchi.

Patatha mphindi ziwiri kanawerenga 91. Patatha zitatu kanawerenga 78, namwino nati: "Basi, bambo, pumani." Wapampando anamwetulira n'kukana ndi chala. Namwino ananenanso mokweza. Nambala itafika 66, Wapampando anapendama pang'onopang'ono ngati nthochi yodulidwa, Bambo Vilimoni nawakha mutu usanagunde pansi. Namwino anawagoneka chammbali, kuwauzira kumaso ndi kuwaitana dzina. Mayi Unaisi akuti panadutsa masekondi khumi ndi awiri. Mlembi sakuvomereza, anaona ngati ola.

Mawu oyamba a Wapampando atatsitsimuka anali akuti: "Mwandigwiriranji? Ndinali bwinobwino."

Palibe anaseka. Mayi Unaisi anati: "Munapita inu, achimwene. Mwayi wanu pano pali mphasa." Wapampando anafunsa Bambo Vilimoni ngati zinali zoona, iwo nangogwedeza mutu movomereza. Wapampando anayang'anitsitsa chala chawo chimene chinavekedwa kachida kaja.

5. Chigamulo
Komiti inagwirizana kuti kupopa kwaletsedwa kuyambira lero, ndiponso kuti wina akalowa pansi mnzake azimudikira pamwamba mpaka atuluke. Ovomera anayi, wokana palibe. Woyamba kukweza dzanja anali Wapampando.

6. Zina ndi zina
Mayi Unaisi anasuzumira pazenera nanena kuti boti ladutsa kale pakhomo, muli Bambo Sakiusa ndi amuna atatu. Anathawa kuphwa kwa madzi, sanadikire chigamulo, ndipo zimene zachitika muholo sanazione. Foni kumatanthwe sigwira.

Bambo Vilimoni anati awatsatira pa kaboti ka tchalitchi, kamene n'kopepuka moti kangadutsebe pakhomo, ngakhale akudziwa kuti sakawamvera. Wapampando anaimirira kuti apite nawo. Namwino anawaletsa, iwo nati: "Sindikukalowa m'madzi, mayi. Anthu aja ndinawaphunzitsa ndine. Wina akakanena akamuseka. Ndikanene ndekha kuti ndagwa pamphasa pamaso pa anthu, osamva kalikonse." Anatuluka atatsamira phewa la Bambo Vilimoni.

7. Msonkhano wotsatira
Lolemba, 17 Malichi, 10 koloko m'mawa, muholo momwemo.

Msonkhano unatha 11:05, popanda pemphero lotsekera.

Wapampando: ......................... (sanasaine, ali panyanja)
Mlembi: Mereoni Tawake

Ndamaliza kulemba 1 koloko nditakhala pagombe. Madzi aphweratu, khomo latsekeka, maboti onse awiri ali kunja ndipo sangalowe mpaka madzi atadzazanso cha m'ma 3. Sindikudziwa ngati amalume awapeza asanayambe kupopa. Ndili ndi mantha, ndipo zimenezi zilembedwe.