Tadala wayamba kupendeketsa mutu ngati inu

Amayi, kodi kumene muliko kukuyenda bwanji? Pa maliro anu abusa anati kumwamba kulibe akhungu, ndiye ndikhulupirira kuti kalata ino muwerenga nokha, osadikira ine.

Kuno tilipo. Mkazi wa Madalitso, mwana wanu wapamtima uja, wabereka mwana wamwamuna wonenepa bwino. Za dimba lanu la ku Lupaso musafunse. Madalitso anagulitsa, ndipo pamene munkadzala mpiru pamangidwa nyumba zogonamo ana a ku yunivesite. Ndikamapita kukaoda tomato ndimakumana nawo, zikwama kumsana, Chingerezi chikutulukira m'mphuno. Ndimangoseka. Mabuku akunyadira nawowo ine ndinawatseka ndili chaka chachitatu kuyunivesite komweko, kuti ndizikugwirani dzanja popita kuchimbudzi. Sindikukuimbani mlandu. Ndikungokumbutsa, poti abale onse anaiwala.

Koma ndalembera za Tadala, mdzukulu wanu amene munkamudziwa pomupapasa nkhope. Ali Sitandade 3 kachiwiri, ndipo kuwerenga kukumukanika. Bambo ake akadali ku Joni, foni yawo imagwira pa Khirisimasi pokha, ndiye zonse zili pamutu panga. Aphunzitsi anandiitana n'kundiuza kuti, "Mayi, mwana wanuyu ndi waulesi. Kunyumba muzimuthandizako." Kundiuza ine zimenezo! Ndinangoti yewo, n'kutuluka.

Ndiye tinayamba. Akaweruka kusukulu timakhala pakhonde kuno ku Masasa, chifunga chisanatsike. Paja munkati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndadekha, Amayi, ine amene mukundidziwa kamwa langa. Akatsegula buku la kusukulu ankangoti duu, chala chili pamzere umodzi, kenaka n'kuyamba kupeka mawu a m'mutu mwake. Ndinalitaya uko bukulo. Ndinang'amba makatoni a sopo n'kulembapo ndi khala zilembo zazikulu ngati chikhatho changa: ma, me, mi. Amayi, mwana anawerenga! Tsiku lomwelo analumikiza "mame". Posakhalitsa anafika pa "nyumba" ndi "mphika", mawu amene ana ena amalumira lilime. NyaGondwe, mayi woyandikana nafe, anasiya zochapa n'kuimba nthungululu. "Mwana uyu ngwamahara chomene," anatero m'chilankhulo chakwawo, kutanthauza kuti ndi wanzeru kwambiri. "Aphunzitsi aja ndiwo aulesi!"

Ine sindinaseke nawo. Ulesi susankha kukula kwa chilembo.

Ndinayamba kumuonetsetsa. Ndikachepetsa zilembo, katoni amaibweretsa pamphuno. Zikakanikabe amapendeketsa mutu, n'kuyang'ana cham'mbali ngati nkhuku yoti yaona mphamba. Kupendeketsa kumeneko ndikukudziwa, Amayi. Ndi mmene munkayang'anira singano chaka chija munayamba kundipempha kuti ndikulowetsereni ulusi, uku mukunamizira utsi wa pambaula. Dzana madzulo anagunda ndowa imene yakhala pamalo pomwepo chibadwire chake. Akamalowa m'nyumba, dzanja limayamba lafuna khoma. Amachita mobisa, ngati mmene munkachitira inu, ndipo ndikamuyang'ana amanamizira kuti akuchotsa kangaude.

Mukukumbukira zimene dokotala anatiuza, inu mutakhala pabenchi mukupinda ndi kupindula mpango wanu? Anati matendawa amayenda m'magazi, amatha kudumpha mwana n'kukagwira mdzukulu. Inu munangoti, "Chakudza sichiimba ng'oma." Ayi, Amayi, ichi chikuimba. Ndikuchimva tsiku lililonse pakhonde panga, ndipo chikuyandikira.

Ndinamuuza Madalitso. Akuti ndisamalosere mwana zoipa, ndipite naye kumapemphero. Iye magazi omwewo anamudumpha, ana ake akuona ngakhale nyerere ili kutsidya kwa msewu, ndiye kulankhula n'kosavuta. Ine ndinapita kuchipatala chachikulu kukafunsa, ndipo andiuza kuti ndibwere naye Lolemba, tsiku la odwala maso. Tadala sindinamuuze. Akudziwa kuti tikupita m'tauni kukagula nsapato.

Masiku ano sindikumupatsa mpata. Anzake akamamuitana kuti akasewere fulaye, ndimawabweza. Anthu ayamba kunena kuti mayi wolephera sukulu uja akufuna kumalizira digiri yake pamwana. Anene. Sakudziwa chimene ndikuthamangitsana nacho. Makatoni atha, tsopano ndikulemba pakhoma la bafa, ndipo mwini nyumba akalankhula ndimuyankha.

Dzulo tinali pa mawu a zilembo zambiri, ndipo zimayenda bwino. Dzuwa linali likadali pamwamba pa mitengo, nkhuku zisanaganize n'komwe zolowa m'khola. Tadala anatula katoni yomaliza ija pansi, n'kunena mwaulemu kuti, "Amama, tipitirize mawa. Kwada."

Ndinayang'ana dzuwalo. Ndinamuyang'ana iye. Ndinati, "Inde mwanangu, kwada," ndipo tinalowa.

Lolemba tipita. Ngati kumeneko mawu anu amamveka, mulankhuleko, musangokhala chete ngati mmene munkachitira pano. Kaya adokotala akanena zotani, ine ndikukulonjezani ichi: mdima umenewu ukadzafika, udzamupeza Tadala akudziwa kale kuwerenga, ndipo palibe adzamutchulenso waulesi ine ndili moyo.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale simunamvepo ndikunena,

Eneless