Kukaona Kwawo kwa Twaibu

Biwi,
Lilongwe.
19 Ogasiti, 2024.

Okondedwa achimwene a Leston,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, fumbi ndi lomwe layamba kuvuta. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumayankha ndisanamalize kulankhula. Ndapatsira a Harry, oyendetsa basi aja.

Munandituma kuti ndikaone kwawo kwa Twaibu, mnyamata amene akufuna kukwatira mwana wanga Linda. Munati inu monga malume wake simuvomera chinkhoswe mpaka mutamva zimene ndaona. Munatinso anthuwo sitikuwadziwa ndipo ndi Asilamu, choncho ndisadye chilichonse chimene mwini wake sanayambe walawa. Mawu amenewo ndinawasunga.

Ndinapita ku Nkhotakota Lachinayi pa 15. Mayi ake a Twaibu dzina lawo ndi Salama. Amuna awo anamwalira. Ndi aafupi, ndipo amayenda mofulumira kuposa ine. Anandichingamira padepoti. Anyamata a kabaza atatizungulira, iwo anawakaniza ndi dzanja.

"Amake Linda, mukakwera njinga muona msana wa mnyamata basi. Tiyeni wapansi, muone komwe mwana wanu akuitanidwa."

Tinayambira kumsika. Anatapa mpunga m'thumba la wogulitsa n'kundinunkhitsa, ndipo ndi wonunkhiradi kuposa umene timagula kuno. Kenaka anandigulira zitumbuwa zotentha, zokulunga m'pepala. Ndinadikira kuti atengeko chimodzi. Sanatenge. Atatembenuka kupereka moni kwa mayi wina, ndinaziika m'chikwama.

Titachoka apo tinafika kumishoni, kumene kuli tchalitchi chakale ndi mtengo waukulu wa mkuyu. Amati pansi pake ndi pomwe azungu oyamba anakambirana ndi mafumu.

"Kuno ndiye kwanu," anatero. "Lowani mupemphere, ine ndikhala pamthunzipa."

Ndinalowa. Potuluka ndinapeza agula mkate wa nthochi wokulunga m'masamba ndi botolo la thobwa. Ndinawapempha kuti tigawane. Anati iwo ali bwino. Zimenezinso zinalowa m'chikwama.

Tinatsikira chakunyanja kudzera m'tinjira ta pakati pa nyumba. Mitengo ya mango ndi yambiri. Pakhomo lililonse ankaima n'kunena kuti, "Awa ndi amake Linda, a ku Lilongwe," ndipo anthu ankandipatsa moni ngati akundidziwa kale. Anandionetsa zipupa za mzikiti wakale, zopanda denga, udzu utamera m'kati. Anati chapafupi pomwepo ndi pomwe akapolo ankakwezedwa m'mabwato kuwolotsedwa nyanja.

"Sitibisa, zinachitika," anatero. "Kuno ena makolo awo anagula anthu, ena makolo awo anagulidwa. Lero amakwatirana, ana awo sadziwanso kuti anali mbali iti."

Pobwerera anaima pa bambo wina wootcha nsomba, n'kusankha chambo chachikulu. Anachinyema ndi manja awo, kuchotsa minga, kuwaza mchere ndi tsabola, n'kundipatsa. Njala inali itandigwira, pakuti ndinachoka kuno nditangomwa tiyi. Koma chala chawo sichinapite pakamwa. Ndinati ndidyera kunyumba. Kuyambira pamenepo mafuta anayamba kudontha m'chikwama n'kudetsa chitenje changa, ndipo galu wina anatitsatira mpaka pakhomo pawo.

Nyumba yawo ndi ya njerwa zootcha, yamalata, yosesedwa bwino. Kuseri kuli nkhokwe ya mpunga ndi dimba laling'ono. Sindinamve phokoso kapena mawu oipa. Mwana wawo wamkazi anabweretsa madzi osamba m'manja, mpunga ndi nkhuku. Mayi Salama anakhala kumapeto kwa mphasa, manja ali pamiyendo. Ndinati ndakhuta za m'njira zija.

"Eya, mwadyadi," anatero. Maso awo anali pachikwama.

Anandiperekeza kudepoti masana. Minibasi ikudikira kudzaza, anaima pawindo n'kunena motsitsa mawu:

"Amake Linda, ine Lolemba ndi Lachinayi ndimasala kudya mpaka dzuwa kulowa. Ndinayamba bambo ake a Twaibu atamwalira. Sindinakuuzeni chifukwa mlendo akamva kuti mwini nyumba akusala, amachita manyazi kudya."

Ndinafumbata chikwama chija. Iwo anapitiriza:

"Ndinaona kuyambira pa zitumbuwa paja. Ndinati mwina sakonda zokazinga, ndiyese mkate. Ndinati mwina nsomba. Pa nkhuku ndiye ndinamvetsa. Musakataye m'njira, n'zabwinobwino. Mukapatse Linda, iyeyo kwathu amadya."

Minibasi inanyamuka.

Achimwene, umu ndi mmene ndinadziwira kuti Linda anafikako kale. Nditamufunsa sanakane. Anapita mu Epulo, pomwe anatiuza kuti ali kwa mnzake Favour ku Salima, ndipo anagona m'chipinda cha mayiwo. Anatsegula chikwama, n'kuyala zonse patebulo, n'kundiyang'ana.

"Amayi, tsiku lonse? Ngakhale thobwa?"

Ndinati ndinauzidwa. Iye anati, "Amalume ali ku Joni, amadya zophika anthu a mitundu yonse. Amene mwaonedwa mukubisa nsomba ndinu." Anadya mkatewo ataimirira. Nsomba inali itasasa, tinapatsa galu wa a landilodi.

Loweruka pa 17 Twaibu anabwera kuno kuchokera kuntchito kwake ku Kanengo. Anakhala pakhonde, chipewa chili m'manja. Anati amalume ake amutuma kudzafunsa chinthu chimodzi: kodi kukana mbale yawo ndiye yankho la banja lathu? Anati ngati ndi choncho tinene, asavutike kutumiza ankhoswe. Linda anali kuseri kwa chitseko, ndimamva mpweya wake.

Zimene munandituma ndachita, ndipo zimene ndinaona ndalemba. Choipa sindinachipeze. Za chipembedzo ana akuti anakambirana, aliyense azipemphera kwake. Zimenezo mudzawafunse nokha.

Twaibu sindikanamubweza wopanda mawu. Ndamuuza kuti anthu akwawo abwere Loweruka pa 7 Sepitembala, ndipo mayi ake asatsale. Ndikudziwa kuti si udindo wanga kutchula tsiku, ndipo mukhoza kukwiya. Mukatha kubwera, bwerani. Mukalephera, uzani achimwene a Levi a ku Kawale akhale m'malo mwanu. Koma ngati yankho lanu ndi lokana, mudzanene ndi pakamwa panu anthuwo ali pomwepo. Ine ndinawakana kale tsiku lathunthu, m'misewu ya kwawo, abale awo akuona. Kachiwiri sindingathe.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Linda ndamufunsa ngati ndilembe moni wake. Wati ndidikire kaye yankho lanu. Mayi Salama anaimba foni dzulo kufunsa ngati ndinayenda bwino, ndipo anati ndipereke moni kwa amalume ake a Linda, ngakhale sanakuonenipo. Ndinalonjeza kuti ndipereka. Ndiye ndapereka.

Ine mlongo wanu,
Pauline