Lona Lokhala ndi Chigamba Changa

Abambo anga okondeka,

Landirani moni wochokera kuno kunkhalango. Kodi muli bwanji inu ndi amayi? Maso aja akutulukabe misozi mukamalowetsa ulusi m'singano? Nanga msana wa amayi ukuwalola kugona? Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona, osati bwino wa pafoni uja.

Katundu munatumiza uja anafika. Adalaivala amene amatibweretsera zakudya ananditulira okha m'manja, amvekere aka n'koyamba kuona lona lopindidwa mwaulemu ngati suti ya ukwati. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumangofunsa ngati ndadya, kenako n'kuwapatsira amayi foniyo ndisanathokoze n'komwe.

Ntchito ikuyenda. Timayeza mitengo n'kumaipaka penti, iyi yodula, iyi yosiya, ndipo timagona pomwe ntchito yathera tsikulo. Pansi m'chinyezi chokhachokha ndi nyerere zoluma, choncho aliyense amagona m'machila, nsalu yolimba yomangidwa pakati pa mitengo iwiri. Pamwamba pake timakoka chingwe n'kuyanika lona kuti likhale denga.

Nkhani ya lona langa loyamba munangoimva mwapatalipatali, lero muimve yonse kuti museke bwino. Wogulitsa m'sitolo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti kamunthu ngati ine lona laling'ono likwana, komanso silindithyola msana. Ndinaliyala pansi m'sitolo momwemo, n'kugonapo anthu akuona. Linandipitirira kumutu ndi kumiyendo komwe, ndiye ndinagula ndikumwetulira. Ine, mwana wa wosoka malona! Sizinandibwerere m'mutu kuti lona limafunditsa machila, ndipo machila ndi aatali kuposa mwini wake.

Mvula itabwera, nsonga zonse ziwiri za machila zinali panja. Madzi ankatsetsereka ndi nsaluyo n'kudzakumana pamalo otsika kwambiri, ndipo malo otsikawo ndi pamene pamakhala msana wanga. Mphumu ija munkandithamangira nayo kuchipatala ndili mwana inadzuka ndi ukali wake wonse. Anzanga anachita kundinyamula mpaka kumsewu.

Akapitawo athu ndi munthu wabwino, anakhala nane kuchipatala mpaka nditayamba kupuma ngati munthu. Koma anandiuza mosapsatira kuti ndikadwalanso chonchi andichotsa pagulu, chifukwa sangaike moyo wa mwana wa eni pachiswe kawiri. Abambo, mukudziwa mmene ndinavutikira kuti ndipeze ntchito imeneyi. Kuyambira tsiku limenelo, ndinkangoyang'ana kumwamba kuopa mtambo uliwonse wakuda.

Maganizo anga anali akuti ndigule lona lalikulu kuposa onse, nkhani ithe. Amene anandiletsa ndi mnzathu wina timamutcha Chimkono. Iye anagula chilona choti n'kufunditsa lole, koma tikafika pamalo amazungulira nkhalango yonse kufuna mitengo yotalikirana yoti chikwanepo, ife titamanga kale. Tsiku lina mphepo inachilowa pansi n'kuzula zikhomo zonse, tinakachitola chitakola pamwamba pa mtengo. Pokwera phiri amatsalira m'mbuyo akuchitukwana.

Apa m'pamene inu munalowererapo, amayi atakuululirani za kuchipatala. Ndinakuuzani kuti tepi ndili nayo m'thumba, ndingokutchulirani manambala, koma munakana kuti manambala a pafoni amasochera m'makutu mwanu, mukufuna chingwe chogwirika ndi manja. Ndinachita monga munanenera. Ndinamanga machila, n'kulowamo kuti atsike mmene amatsikira ndikagona, ndipo Chimkono anakoka chingwe kuchokera kunsonga ina kufika kunsonga inzake n'kumanga mfundo. Mfundo yachiwiri inali ya kuchokera padenga kutsika mpaka kupitirira pang'ono pamsana panga. Adalaivala anaseka nditawapatsa envulopu yokhala ndi chingwe chokha, ati ana a ena amatumizira makolo shuga.

Lona lanu landikwana ngati diresi. Mkono umodzi munawonjezera uku ndi uku uja ukubisa nsonga zonse za machila. M'mbali likutsika mokwanira kutchinga mvula yobwera chopingasa, koma mphepo ikudutsa pansi ndipo sindikubanika. Likukwana pakati pa mitengo wamba, ndipo m'chikwama likusiyira malo zovala. Tizingwe tiwiri munaika m'kona tija ndinavutika kudziwa ntchito yake, mpaka amayi atandiuza kuti ndizitimanga pa zingwe za machila kuti madzi otsika ndi chingwe azidonthera pomwepo. Tsopano gulu lonse ladula malamba a nsapato kutengera ine.

Sabata yatha kunagwa chimvula chamasana, chija chochititsa mdima dzuwa lili pamutu. Tinathawira kumsasa, aliyense m'machila ake. Ndinagona chagada, dzanja lili pamsana kudikira kuzizira kuja. Sikunabwere. Madzi ankangoyenda m'mbali, ine ndili gwa, wouma. Akapitawo anabwera ndi ambulera kudzasuzumira, anagwira bulangete langa, n'kunena kuti dzina langa alilemba kale pagulu lopita kunkhalango ya kumtunda mwezi wamawa. Ntchito ndaisunga, Abambo. Zikomo, zikomo kwambiri.

Koma atachoka ndinakweza maso, ndipo pamwamba penipeni pa nkhope yanga ndinaona chigamba. Chigamba chokhota, cha ulusi wofiira, misoko yake yotalikirana ngati mano a nkhalamba. Ndinachidziwa nthawi yomweyo. Ndi chija ndinasoka ine tsiku loyamba munandikhazika pamakina, mapazi asakufika n'komwe pachopondera. Munati n'choipa koma sichidontha, ndipo munachisiya pomwepo padenga la shedi yanu yosokeramo zaka zonsezi. Ndinalira, mvula n'kumandibisira mawu kuti anzanga asamve.

Nditapeza netiweki ndinawaimbira amayi. Anayamba ndi kuzemba, kundiuza za nkhuku ndi za mwana wa aneba, koma ndinawapanikiza mpaka anavomera. Akuti munazungulira tauni yonse osapeza lona lolimba koma lopepuka, ndiye munakwera pampando n'kumasula denga lanu. Akuti tsopano mukusokera pakati pa mitengo inayi yopanda kanthu pamwamba, ndipo kukachita mdima kumwamba mumathamanga ndi mutu wa makina kupita pakhonde la ometa tsitsi. Makina olemera aja, ndi bondo lanulo! Amayi musawakalipire, mlandu ndi wanga.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Ndawapatsa adalaivala lona laling'ono lija la kusitolo. Kwa machila ndi lalifupi, koma shedi yanu ndikuidziwa bwino, ndinakulira pansi pake. Ndaliyeza ndi chingwe, osati tepi, ndipo ndikuona kuti lifunditsa makina, tebulo ndi mpando wanu, ngakhale benchi ya makasitomala itsala panja. Amenewo adzibwerera ndi maambulera awo. Chonde mulilandire, musalipereke kwa munthu wina monga mumachitira ndi chilichonse chimene ndatumiza. Ndipo musakwerenso pampando nokha, alamu abwere adzamange.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opopera ndimayenda nawo m'thumba la malaya. Moni kwa achemwali ndi alamu, ndi kwa azakhali, amene ndikudziwa kuti afunsa ngati kunkhalango kuno kuli mwamuna wooneka. Muwauze kuti kuli mitengo. Moninso kwa ometa tsitsi, muwathokoze chifukwa cha khonde lawo.

Lona laling'onolo lili ndi kabowo pakona imodzi, pamene nthambi inalibaya. Musasoke. Ndikubwera patchuthi, ndidzaikapo ndekha chigamba, ndipo ulusi wofiira mundisungire.

Ndine mwana wanu wouma msana,
uja mumamutcha Kasingano